TIFUNSENI KAYE MUSANATIPANGIRE

Masiku ano sipatha mwezi osamva kuti kwabwera njira yatsopano ya pafoni yothandiza amayi. Ina ndi yotengera ngongole, ina yogulitsira mbewu, ina yokumbutsa tsiku la sikelo, ina yokanenera nkhanza. Mwambo woikhazikitsa umachitikira ku hotela, atolankhani ajambula, akuluakulu aomba m'manja. Pakatha miyezi isanu ndi umodzi, zii. Amayi aja sakuigwiritsa ntchito. Ndiye lipoti limalembedwa kuti amayi akumudzi ndi osaphunzira, amaopa zamakono, akufunika kuphunzitsidwa kaye.

Ife tikukana. Mayi amene amasunga m'mutu ngongole za anthu makumi awiri a ku banki m'khonde, amene amadziwa phindu la beseni la mandasi asanakazinge n'komwe, sangalephere kudina mabatani anayi ngati mabataniwo anaikidwa momuganizira iyeyo. Vuto limayamba kale kwambiri, chinthucho chisanapangidwe. Limayamba pa tsiku limene opangawo anayenera kubwera kudzakhala nafe pamphasa n'kutifunsa, koma sanabwere. Kapena anabwera, koma anafunsa molakwika, anafunsa anthu olakwika, pamalo olakwika. Akuluakulu anati safunsa adadya phula. Chowawa n'chakuti pankhani iyi amene sanafunse ndi ena, koma phulalo tikudya ndife.

NTCHITO IMENEYI ILI NDI DZINA

Kufunsa anthu usanawapangire chinthu si chifundo ayi, ndi ntchito imene anthu amaphunzira ndipo amalipidwa nayo. M'Chingerezi amaitchula kuti user experience, mwachidule UX, kutanthauza zonse zimene munthu amakumana nazo pogwiritsa ntchito chinthu: kuphweka kwake, kuvuta kwake, mantha amene chimam'patsa, manyazi amene chimam'chititsa. Amene anatchukitsa mawuwa ndi Don Norman, pamene anayamba kugwira ntchito ku kampani ya Apple mu 1993. Chiphunzitso chake chachikulu n'chakuti anthu ambiri akamalakwitsa pamalo amodzimodzi, cholakwika chili pa kapangidwe ka chinthucho, osati pa anthuwo.

Pali njira ziwiri zofunsira. Yoyamba tonse timaidziwa. Mnyamata kapena mtsikana amabwera ndi tabuleti, mafunso makumi asanu, yankho lake eya kapena ayi. Muli ndi foni? Eya. Mumatumiza ndalama pafoni? Eya. Mukukhutira? Eya. Wapita pakhomo lina. Njira iyi ndi yabwino powerenga anthu, imauza kuti ndi angati. Koma siinena chifukwa chake. Siinena kuti foni imene mayiyo wavomera kuti ali nayo imagona m'thumba la amuna ake, ndipo iye amaigwira Lamlungu lokha.

Njira yachiwiri ndi kucheza mozama ndi munthu mmodzi mmodzi, kwa ola limodzi kapena kuchepera pang'ono, wofunsa n'kumalankhula pang'ono, wofunsidwa n'kumafotokoza moyo wake. Apa sawerenga mitu ya anthu, amafuna kumvetsa. Ndiyo njira imene tikuinena lero, ndipo si yodula monga ena amanamizira. Mu 2000, katswiri wina wa ntchitoyi, Jakob Nielsen, analemba kuti kuyesa chinthu ndi anthu asanu okha kumaulula pafupifupi 85 peresenti ya mavuto a kagwiritsidwe ntchito kake, bola gulu lililonse la anthu osiyana likhale ndi oliimira ake. Anthu asanu! Ndiye bungwe limene lili ndi ndalama zolipirira hotela ndi kusindikiza ma T-shirt lingatiuze bwanji kuti linalibe ndalama zochezera ndi amayi khumi ndi asanu?

ZINACHITIKAPO KALE

Mu 2014 kampani ya Apple inatulutsa app yotchedwa Health, yoti munthu azilondola nayo za thupi lake. Munali malo olembapo kagundidwe ka mtima, mchere umene wadya, ngakhale mowa umene uli m'magazi. Koma munalibe malo olembapo masiku a msambo. Theka la anthu a pa dziko lapansi linaiwalika. Amayi atadandaula, anakonza mu 2015. Ngati kampani yolemera chotere, yomwenso mawu a UX anatchukira, inaiwala msambo, nanga kakampani ka anyamata anayi ku Area 47 kapena ku Namiwawa kadzakumbukira bwanji za mayi wa ku Nsanje popanda kukamufunsa?

Ku Kenya nkhani inayenda mwina. M-Pesa, imene lero ndi yotchuka dziko lonse, poiyesa mu 2005 inali njira yoti anthu azibwezera ngongole za bungwe lobwereketsa ndalama la Faulu. Koma oyesawo anali maso. Anaona kuti anthu akutumizirana ndalama okhaokha, akulipirana pa malonda, ena akusungamo ndalama poyenda ulendo kuopa akuba. Sanawakalipire kuti mukugwiritsa ntchito molakwika. Anasintha cholinga, ndipo mu 2007 Safaricom inaikhazikitsa ngati njira yotumizira ndalama kumudzi. Nzeru imeneyo inachokera kwa anthu wamba, opangawo anangokhala ndi makutu.

Mu 2018 ofufuza a ku Google anatulutsa zotsatira za kucheza kwawo ndi amayi 199 a ku India, Pakistan ndi Bangladesh. Anapeza kuti amayi ambiri amabwerekana foni ndi amuna awo, ana ndi achibale, ndipo ena foni zawo zimasecheredwa. Pofuna kudziteteza amafufuta mauthenga, amakiya ma app, kapena amangosiyiratu kugwiritsa ntchito zinthu zina. Opanga mafoni anali ataganiza kuti foni imodzi ndi ya munthu mmodzi. Mu 2020 Google inaika mu app yake ya Files malo obisira zinthu otsegula ndi nambala yachinsinsi. Amayi anzathu, kodi nkhani iyi siikumveka ngati ya kwathu konkuno?

Kuno kwathu tili ndi chitsanzo chabwino. Chipatala cha pa Foni chinayamba ku Balaka mu 2011, bungwe la VillageReach likugwira ntchito ndi Unduna wa Zaumoyo, ndipo poyamba chinali cha uchembere wabwino ndi umoyo wa ana. Mauthenga okumbutsa sanali olemba okha. Mayi ankatha kusankha uthenga wa mawu, ndipo wopanda foni ankatha kuumvera pa foni ya munthu wina. Izi zikuonetsa kuti wina anaganizira mayi wosadziwa kuwerenga komanso mayi wopanda foni yakeyake. Pambuyo pake nambala ya 54747 inayamba kuthandiza dziko lonse. Ndiye pasapezeke wotiuza kuti ku Malawi sizingatheke.

ZIMENE AKANAMVA AKANATIFUNSA

Akanamva kuti foni si ya munthu mmodzi. M'mabanja ambiri foni ndi imodzi ndipo mwini wake ndi bambo. Pena mayi ali ndi simu kadi yokha, amaimanga pa nsonga ya chitenje, n'kumabwereka foni ya neba kuti aone ngati mwana wake wa ku Joni watumiza kanthu. Kuyambira mu 2018 simu kadi iliyonse imalembetsedwa ndi chiphaso cha unzika, ndiye alipo amayi amene nambala yawo inalembedwa m'dzina la mwamuna kapena mlongo wawo. Banja likatha, kapena simuyo ikatayika, ndalama za mayiyo zili m'dzina la wina.

Akanamva kuti uthenga umene umalowa ndalama zikafika, wonena kuchuluka kwake ndi zotsala, si nkhani yabwino kwa aliyense. Mayi wagulitsa mtedza, akufuna asungeko ya fizi. Foni yalira ili m'manja mwa bambo. Madzulo amenewo pakhomo pamakhala mlandu, ndipo tonse tikudziwa mmene milandu ina imathera. Wopanga uja ankaganiza kuti akuthandiza kuti zinthu ziziyenda poyera. Sanadziwe kuti kwa mayi ameneyu kubisa ndiye chitetezo.

Akanamva kuti uthenga wokumbutsa tsiku lokabayitsa jakisoni wolera, kapena lokatenga ma ARV, ukhoza kupasula banja ngati uwerengedwa ndi munthu wolakwika. Akanamva kuti app yokanenera nkhanza, imene chizindikiro chake chimaonekera pamwamba pa foni ndi dzina lake lomwe, ndi msampha kwa mayi amene mwamuna wake amasecha foni usiku uliwonse.

Akanamva za nthawi. Njira zija zoyamba ndi nyenyezi n'kuthera ndi hashi zimaduka munthu akachedwa kuyankha. Mayi wowerenga pang'onopang'ono, mwana ali kumbuyo, dzuwa likuwala pagalasi la foni ya mabatani, amafika pa sitepe yachinayi n'kupeza zaduka. Ayambirenso. Kachitatu amangopereka foni kwa ejenti, n'kumuuza ndi nambala yachinsinsi yomwe. Kenako tizidabwa kuti amayi akuberedwa? Kalembera wa 2018 anaonetsa kuti mwa akazi a zaka zisanu kupita m'tsogolo, pafupifupi mmodzi mwa atatu aliwonse sadziwa kulemba ndi kuwerenga. Amene akupanga chinthu cha amayi m'Chingerezi chokhachokha, kapena m'Chichewa chomasulira mawu ndi mawu chimene ngakhale ife ophunzira sitichimva, wawatsekera kunja amayi amenewa asanayambe n'komwe.

Akanamvanso za moto wa foni: kuti kutchajitsa n'kolipira, kuti foni imakhala tsiku lonse ku shopu ya ometa tsitsi pa trading centre, m'manja mwa anthu ena. Zonsezi palibe chimene chingatuluke pa funso la eya kapena ayi.

KAFUNSIDWE KAKE

Kwa inu amene mumapanga zinthuzi, kaya ndinu kampani, bungwe kapena boma, sitikungodandaula. Tikukuuzani mmene mungachitire.

Choyamba, samalani posankha wofunsidwa. Kudzera kwa amfumu ndi ulemu ndipo n'koyenera, koma musalole kuti mndandanda wonse ulembedwe ndi amfumu kapena mlangizi. Mukatero mudzapeza tcheyamani wa gulu la amayi, mlembi wake ndi msungichuma, amayi olankhula bwino, ozolowera alendo, odziwa mayankho amene mabungwe amakonda. Iwonso afunseni, koma funani amene sabwera pa misonkhano. Funani amene anayesa chinthu chanu n'kuchisiya, chifukwa ameneyo ndiye mphunzitsi wanu wamkulu. Funani mayi wopanda foni, mayi wosaona, mayi wosamva amene amalankhula ndi manja, agogo olera zidzukulu, mtsikana amene anabereka ali wamng'ono, mayi wa geni mumsika wa Limbe kapena Lizulu. Ndipo kumbukirani kuti Malawi si Chichewa chokha. Mayi wa ku Mangochi afunsidwe m'Chiyao, wa ku Rumphi m'Chitumbuka, wa ku Chikwawa m'Chisena ngati ndicho chimene amamasuka nacho.

Chachiwiri, malo ndi nthawi. Pabwalo la amfumu, anthu atazungulira, palibe mayi amene anganene kuti amabisa ndalama. Pakhonde, bambo atakhala pampando chapafupi akumvetsera wailesi, mayi amayankha zimene bamboyo akufuna kumva, kapena bamboyo amangoyankha yekha. Mufunseni mayiyo kuti akufuna mukachezere kuti. Ndipo musabwere nthawi yophika, tsiku la msika kapena m'mamawa wa dzinja anthu ali kumunda, n'kumayembekeza kuti asiye zonse chifukwa inu mwafika pa galimoto.

Chachitatu, wofunsa. Nkhani za ndalama za m'banja, za kulera, za nkhanza, mayi amamasuka kwa mayi mnzake. Lembani ntchito amayi, aphunzitseni, alipireni bwino. Asafike anthu asanu kwa mayi mmodzi, wina kamera, wina laputopu, wina womasulira. Awiri akwana, wofunsa ndi wolemba. Khalani pamphasa ngati iye wakhala pamphasa. Ndipo wofunsa asakhale yemweyo amene amapereka ngongole kapena kulemba maina a olandira thandizo, chifukwa palibe amene anganyoze dzanja limene likumudyetsa.

Chachinayi, mafunso enieniwo. Apa ndi pamene ambiri amagwera. Ife Amalawi tinaleredwa kuti mlendo sakhumudwitsidwa. Mukafunsa kuti, "App yathuyi ndi yabwino, eti?" yankho ndi eya, ngakhale sanaitsegulepo. Mukafunsa kuti, "Titabweretsa njira yosungira ndalama pafoni mungaigwiritse ntchito?" yankho ndi eya, chifukwa mwina kumbuyo kwake kuli thandizo. Mawu akuti zili bwino nthawi zambiri ndi ulemu chabe, si umboni.

Musafunse za mawa, funsani za dzulo. "Tandiuzani, tsiku lomaliza limene munalandira ndalama pafoni zinayenda bwanji? Munali kuti? Foni inali ndi ndani? Anakuuzani ndani kuti zafika? Kenako munatani?" Munthu akhoza kukusangalatsani ndi maganizo, koma nkhani ya zimene zinachitika Lachiwiri lapitali imabwera ndi zoona zake: kabaza amene analipira, ejenti amene analibe ndalama zokwanira, mwana wa sukulu amene anamuwerengera uthenga.

Mukatero nenani kuti, "Tandionetsani mmene mumachitira." Ndiye khalani chete, manja anu akhale kumbuyo. Akasochera musamulande foni. Pamene wasochera paja ndi pamene pali ntchito yanu. Muuzeni momveka kuti amene akuyesedwa si iye koma chinthucho, chifukwa amayi ambiri akalephera amayamba kupepesa kuti pepani sukulu sindinapite patali. Kupepesa kumeneko kuzikuchititsani manyazi inuyo.

Funsani funso limodzi pa nthawi. Musaope chete. Mayi akangoti phee atayang'ana pansi, kapena akaseka n'kunena kuti aaa, nanga titani, musathamangire funso lotsatira. Dikirani. Nthawi zambiri mawu ofunika amabwera pambuyo pa chete ameneyo, kapena pokuperekezani pa njira, kope litatsekedwa kale. Mveraninso zonenedwa mozungulira. Mayi akati kuli azimayi ena amene amuna awo amawalanda ndalama, mwina akunena za iye mwini. Musamukakamize kuti avomere. Mwamva kale.

Ndipo polemba, lembani mawu ake mmene wawanenera. Zambiri zimatayika pamene nkhani ya ola lathunthu ya m'Chichewa yasanduka mzere umodzi wa Chingerezi wonena kuti wofunsidwa ali ndi vuto la kusadziwa zamakono. Iye sananene zimenezo. Iye anati amaopa kudina chifukwa ulendo wina ndalama zinapita kwa munthu wolakwika ndipo sizinabwerenso. Kumeneko si kusadziwa, ndi nzeru za munthu amene analumidwapo.

KUFUNSA KUSASANDUKE NKHANZA INA

Funso likhoza kuvulaza. Mu 2001 bungwe la World Health Organization linatulutsa malangizo a kafukufuku wokhudza nkhanza za m'banja, otchedwa Putting Women First. Mwa zina amati mayi afunsidwe payekha, pakhomo limodzi afunsidwe mayi mmodzi yekha, kafukufukuyo asalengezedwe m'mudzi ngati wa nkhanza, ndipo wofunsa akhale ndi mafunso ena apambali oti asinthire msanga wina akatulukira. Amatinso wofunsa adziwiretu kumene angamulozere mayi wofuna thandizo. Malangizowa analembera ofufuza za umoyo, koma ife tikuti aliyense wofunsa amayi za foni ndi ndalama awatsatire, chifukwa nkhani ya foni ndi ndalama imafika pa nkhanza mosayembekezera. Musapite kumudzi musakudziwa kumene kuli Victim Support Unit ya polisi yapafupi, One Stop Centre ya kuchipatala, kapena nambala yaulere ya 5600.

Chilolezo si chidindo cha chala pansi pa pepala la Chingerezi. Mayi auzidwe m'chilankhulo chake kuti ndinu ndani, mukufuna chiyani, mawu ake akamva ndani, asungidwa mpaka liti. Auzidwe kuti akhoza kukana, akhoza kudumpha funso, akhoza kusiyira panjira, ndipo sataya kanthu, dzina lake silichotsedwa pa mndandanda uliwonse. Kujambula mawu ndi chilolezo china, kujambula chithunzi ndi chinanso. Tatopa kuona nkhope za amayi pa zikwangwani ndi pa Facebook pamene iwo anavomera kucheza basi. Dziko lino lili ndi lamulo loteteza mbiri za anthu, Data Protection Act ya 2024, ndipo bungwe la MACRA ndi limene linapatsidwa udindo woliyang'anira. Mawu a mayi wa kumudzi ali pansi pa lamulo limenelo chimodzimodzi ndi a bwana wa mu ofesi.

Nthawi ya mayi ndi ndalama. Ola limene wakhala nanu ndi ola limene sanagulitse tomato, sanapite ku ganyu. Inu mukulandira malipiro ndi alawansi chifukwa cha nzeru zimene iye akukupatsani. Fanta ndi banzi si malipiro. M'patseni kanthu koyenera, ndipo mumuuziretu kuti alandira kaya ayamikire kaya adzudzule. Komanso musalonjeze zimene simungachite. Ngati simukubweretsa ngongole, nenani poyamba pomwe kuti simukubweretsa ngongole.

KWA AMENE AKUTSUTSA

Ena akuti anthu sadziwa chimene akufuna, ndiye kuwafunsa n'kutaya nthawi. Pali kachoonadi pang'ono. Mayi wa ku Ntchisi sangakujambulireni app, ndipo si ntchito yake. Koma palibe amene amadziwa tsiku lake kuposa iye mwini. Iye ndi katswiri wa vutolo, inu ndinu katswiri wa zida. Dokotala safunsa wodwala kuti ndikupatseni mankhwala anji, amafunsa kuti mukumva bwanji, zinayamba liti. Dokotala wosafunsa tonse timamuthawa.

Ena akuti opereka ndalama amafuna manambala, safuna nkhani. Apatseni manambalawo, koma muwauzenso kuti nambala ya amayi amene analembetsa si nambala ya amayi amene athandizidwa. Kulembetsa anthu zikwi khumi pa tsiku logawa ma T-shirt n'kosavuta. Funso ndi lakuti ndi angati amene anabwereranso mwezi wotsatira mwa kufuna kwawo, ndipo amene sanabwerere analekeranji. Yankho la funso lachiwirili mulipeza pamphasa pokha.

Enanso akuti amayi anatopa ndi kufunsidwa. Apa akunena zoona. Midzi ina yafunsidwa ndi mabungwe osawerengeka, mafunso omwewo chaka ndi chaka, osaona chosintha. Koma chimene chinawatopetsa si kufunsidwa, ndi kusamvedwa. Mankhwala ake ndi kubwerera. Bwererani ndi chinthu chija chisanathe, ngakhale chili chojambula papepala, muwaonetse kuti munati chakuti, ife tasintha apa, tayesani. Mayi akaona mawu ake asanduka batani, adzakuuzani zambiri kuposa poyamba.

Ndipo tinene mosabisa kuti kufunsa kokha sikukwanira. Ngati mawu a amayi akafika ku ofesi n'kupeza tebulo lopangira chiganizo lazunguliridwa ndi abambo okhaokha, nkhani ya uthenga wowerengedwa ndi mwamuna idzaoneka yaing'ono, yoti tidzakonza m'tsogolo. Tili ndi atsikana amene akumaliza maphunziro a kompyuta ku MUBAS, ku MUST, ku UNIMA ndi ku Mzuni. Alembeni ntchito, ndipo osati yolandira alendo. Akhale pamene pakugamulidwa kuti batani liti likhale pati.

ZIMENE TIKUFUNA

Kwa makampani a mafoni, mabanki ndi opanga ma app: chilichonse chimene mukuti ndi cha amayi, chezani ndi amayi musanachipange, pochipanga ndi mutachitulutsa. Ganizirani foni yobwerekana ngati chinthu cha masiku onse, osati chachilendo.

Kwa mabungwe ndi opereka ndalama: ikani mu bajeti ndalama za kucheza kumeneku, kuphatikizapo malipiro a ofunsidwa ndi ulendo wobwerera kukanena zotsatira. Musanasaine cheke, funsani kuti munacheza ndi amayi angati, a kuti, m'chilankhulo chanji, ndipo chinasintha n'chiyani chifukwa cha zimene ananena. Akakanika kutchula chinthu ngakhale chimodzi chimene chinasintha, ndiye kuti sanamvetsere.

Kwa boma: ntchito zambiri zothandiza anthu zikusamukira pafoni. Mayi akalephera kugwiritsa ntchito app ya masewera palibe chimene wataya, koma akalephera kupeza thandizo la boma chifukwa cha kapangidwe ka njirayo, ndiye kuti ufulu wake waphwanyidwa. Lamulo la Gender Equality Act la 2013 limaletsa kusala munthu chifukwa ndi wamkazi. Khomo limene mwamuna amalowa mosavuta koma mkazi amakanika, ngakhale palibe analemba kuti akazi asalowe, ndi tsankho ndithu.

Kwa inu amayi ndi atsikana anzathu: akabwera kudzakufunsani, muli ndi ufulu wowafunsa kaye kuti ndinu ndani ndipo mawu anga mupita nawo kuti. Muli ndi ufulu wokana chithunzi. Muli ndi ufulu wonena kuti tikachezere poduka mphepo. Ndipo mukavomera kucheza, chonde nenani zoona. Ngati chinthucho n'chovuta, nenani kuti n'chovuta. Ngati mumaopa, nenani chimene mumaopa. Kuyankha kuti zili bwino pofuna kusangalatsa mlendo kumapweteka mayi mnzanu wa boma lina amene adzapatsidwe chinthu chomwecho osakonza. Kulephera kwanu pa foni si umbuli, ndi umboni, ndipo opangawo akuufuna ngakhale sakudziwa.

Tsopano tiyambe ife eni. Ndi njira iti ya pafoni imene inakuvutani mpaka munaisiya, ndipo inakuvutani pati? Tiuzeni m'munsimu, osatchula dzina la munthu kapena nambala ya foni. Ngati nkhani yanu ndi yoti ena asaione, tilembereni ku inbox. Muwerengereninso mayi amene sali pa Facebook, mumufunse funso lomweli, ndipo mudikire mpaka amalize kuyankha.